Saizi ya njinga ya mpikisano sitiyeza ndi msinkhu wokha ayi

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa malangizo amene anthu akumapatsana akafuna kugula njinga ya mpikisano, zija zamatayala owonda ndi mahandulo opindikira pansi. Malangizo ake ndi awiri basi ndipo aliyense amawanena ngati malamulo. Oyamba akuti uyang'ane msinkhu wako pa tchati nkutenga nambala imene ili pambali pakepo, achiwiri akuti uyime njinga ili pakati pa miyendo, paipi yapamwamba ikapanda kukugunda ndiye kuti njingayo ndi saizi yako. Ine ndikuti malangizo amenewa ndi operewera ndipo ndi amene akuchititsa kuti anthu azigula njinga yabwinobwino nkuikoloweka pakhoma patangotha miyezi yochepa, kumanena kuti kupalasa kumathyola msana, chikhalirecho chikuwathyola msana ndi felemu imene si ya thupi lawo.

Tiyambe ndi nambala yolembedwa pa felemu ija, 52, 54, 56, 58. Kale njinga zonse zili zachitsulo nambala imeneyi imatanthauza chinthu chenicheni, unali utali wa paipi imene mumalowa chishalo, m'masentimita, kuyeza kuchokera pakati pomwe mapedulo amazungulirapo paja amati bottom bracket. Koma olo nthawi imeneyo opanga njinga samagwirizana, ena amayeza mpaka pakati pomwe paipiyo yakumana ndi yapamwamba, ena mpaka kunsonga kwenikweni, ndiye felemu imodzimodziyo wina amaitcha 54 wina 56. Chimathandiza nthawi imeneyo nchakuti paipi yapamwamba inali yogona ndendende, moti kuyima pa njinga kuja kumakuuzako kena kake.

Zinthu zinasokonekera m'zaka za m'ma 1990 pomwe kampani ya Giant inatulutsa njinga yotchedwa TCR, imene anajambula Mike Burrows wa ku England, yemwe uja anajambulanso njinga imene Chris Boardman anawinira golide pa masewera a Olimpiki ku Barcelona mu 1992. Iyeyu anapendeketsa paipi yapamwamba kuti izitsikira kumbuyo, felemu nkukhala yaing'ono, paipi ya chishalo yotulukira kunja nkukhala yaitali, ndipo masaizi anangokhala ochepa olembedwa S, M, L. Timu ya ONCE ya ku Spain inapalasa njinga zimenezi m'mipikisano ikuluikulu ndipo makampani ena anatengera, lero pafupifupi njinga iliyonse paipi yake yapamwamba ndi yopendekera. Ndiye taganizani, pa felemu yotereyi munthu wamfupi atha kuyima bwinobwino pa njinga yomukulira masaizi awiri paipi osamukhudza nkomwe. Kuyeza kwa agogo athu kuja kunatha ntchito pamenepo, koma mpaka lero anthu akumakugwiritsabe ntchito. Ndipo 54 ya masiku ano mukaitengera tepi mupeza kuti mwina palibe paipi olo imodzi yotalika masentimita 54, ndi dzina chabe limene kampani yasankha.

Za tchati cha msinkhu sindikuti nchabodza, chimakufikitsa pafupi, koma anthu awiri otalika mofanana, tinene mamita 1.75 onse, wina amakhala wa miyendo yaitali thunthu lalifupi, mnzakeyo thunthu lalitali miyendo yaifupi, wina mikono yake ikatambasuka imaposa msinkhu wake wina ayi, wina amagwira zala zakuphazi osapinda maondo pomwe mnzake amathera pa maondo pomwepo chifukwa amakhala pampando tsiku lonse ku ntchito. Tchati chiwauza onsewa kuti 54. Wa miyendo yaitali uja akakweza chishalo kufika pomuyenera, mahandulo atsala pansi kwambiri komanso kutali, azipalasa atagwada ngati akufunafuna ndalama yogwa. Mnzake uja pa felemu yomweyo aziona ngati yamupanikiza.

Nambala ziwiri zimene ndikufuna anthu azizidziwa ndi zimene opanga njinga amalemba kuti stack ndi reach, zimapezeka pa tchati cha miyeso ya felemu chimene kampani iliyonse yodziwika imaika pa intaneti. Zonse zimayambira pa bottom bracket. Stack ndi kuyeza chokwera kufika pa levulo ya pamwamba pa paipi yakutsogolo imene mumadutsa foloko, reach ndi kuyeza chopita kutsogolo kufika pamalo omwewo. Mwachidule imodzi ikukuuza kuti mahandulo akhala okwera bwanji, inayo ikukuuza kuti akhala kutali bwanji. Ubwino wake nambala zimenezi sizisamala kuti paipi yapendekera kapena ayi, sizisamala kuti kampani yalemba M kapena 55, ukhoza kuika njinga ziwiri za makampani osiyana pambali nkuona zenizeni.

Ukayamba kuziwerenga nambalazi umaona zinthu zodabwitsa. Kampani imodzi yomweyo imakhala ndi njinga ziwiri zolembedwa 56 zosiyana kwambiri. Trek ili ndi Madone ndi Domane, Specialized ili ndi Tarmac ndi Roubaix, Giant ili ndi TCR ndi Defy, Cannondale ili ndi SuperSix ndi Synapse. Yoyamba pa gulu lililonse ndi ya liwiro, kutsogolo kotsika ndi kotalika, yachiwiri ndi ya maulendo aatali, kutsogolo kokwera masentimita awiri atatu nthawi zina mpaka anayi komanso kofupikirapo. Masentimita atatu amamveka ochepa mukawaona pa rula, koma pa khosi la munthu wa zaka 45 amene wapalasa maola atatu ndi ambiri zedi. Ndiye funso loti ndine saizi yanji lilibe yankho ngati simunanene kuti njinga yake iti. Chinanso chimene mungaone nchoti kuchoka pa saizi ina kupita pa yotsatira reach imasintha pang'ono chabe, kawirikawiri osapitirira sentimita imodzi, pomwe stack imasintha pafupifupi masentimita awiri, kutanthauza kuti posankha saizi kwenikweni mukusankha kuti mahandulo akwere kufika pati.

Tsopano thupi lanu muliyeze bwanji. Vulani nsapato, imani msana kukhoma, mapazi atalikirane pang'ono, tengani buku lachikuto cholimba muliike mphechepeche, msana wa bukulo uli m'mwamba, ndipo mulikankhire m'mwamba mwamphamvu ndithu mmene chishalo chimakankhira munthu akachikhalira, osati kungoligunditsa mwamanyazi. Mbali ina ya bukulo igundane ndi khoma kuti likhale lowongoka. Wina alembe kachizindikiro pakhoma ndi pensulo pamwamba pa bukulo kenako muyeze kuchoka pansi. Bwerezani kangapo chifukwa nambala imasinthasintha. Chonde musatenge nambala ya thalauza, imeneyo imakhala yaifupi.

Tinene kuti mwapeza masentimita 82. Pali kawerengedwe kamene kanatchuka ndi Greg LeMond, wa ku America amene anawina mpikisano waukulu wa njinga wa Tour de France mu 1986, 1989 ndi 1990, iyeyo anakatenga kwa mphunzitsi wake Cyrille Guimard wa ku France. Mumachulukitsa utali wa mwendo ndi 0.883, ndiye 82 ikupatsani masentimita 72.4, umenewo ndi mtunda wochoka pakati pa bottom bracket kufika pamwamba pa chishalo motsata paipi. Pa felemu zachikale zija amachulukitsanso ndi 0.65 kuti apeze saizi, apa itulukira 53 ndi kanthu. Palinso kawerengedwe kena kakale kopezera kutalika kwa chishalo ka Hamley ndi Thomas ka mu 1967 kochulukitsa ndi 1.09, koma iko kamayeza kuchokera pa pedulo ili pansi penipeni. Zonsezi ndi poyambira chabe, sizidziwa kuti phazi lanu ndi lalitali bwanji, soli ya nsapato yanu ndi yokhuthala bwanji, kapena mumapalasa chidendene chili pansi kapena m'mwamba. Odziwa za thupi amakonda kuyang'ana bondo, pedulo ikafika pansi bondo likhale lopindika madigiri pakati pa 25 ndi 35, osati kuwongoka kuti nga. Amene alibe choyezera madigiri ayese njira ya chidendene, khalani pa chishalo mutatsamira khoma, ikani chidendene pa pedulo ili pansi, mwendo uwongoke popanda chiuno kupendekera mbali imeneyo, ndiye mukabwezera phazi pamalo pake bondo lipindika pang'ono lokha.

Anthu ambiri oyamba kumene amaika chishalo pansi kwambiri chifukwa amafuna mapazi onse azifika pansi ali chikhalire. Pa njinga ya mtundu uwu sizitero, ukaima umatsika pa chishalo. Chishalo chotsika chimapweteketsa bondo kutsogolo ndipo ntchafu zimatopa msanga pa chitunda. Koma palinso ena amene anamva kuti akatswiri amakweza chishalo ndiye amachikweza mpaka kupyola, amenewa mumawadziwa mukamapalasa kumbuyo kwawo, chiuno chimagwedezeka uku ndi uku pa sitepe iliyonse, kabudula akupekesana ndi chishalo, zala zakuphazi zitaloza pansi kufunafuna pedulo. Iwowo ululu umabwera kuseri kwa bondo ndipo zilonda za pokhalira sizichedwa. Pa ziwirizi ine ndimaona kuti bola kutsika mamilimita atatu kusiyana nkukwera mamilimita atatu.

Nkhani ya chishalo ndi yosavuta kwenikweni chifukwa paipi yake imakwera ndi kutsika, pafupifupi felemu iliyonse yoyandikira saizi yanu ikulolani kuchiika pabwino. Pamene pagona nkhani ndi kutsogolo. Njinga ya mpikisano inapangidwa kuti manja azikhala nthawi yambiri pa timitu ta labala tija ta pamwamba pa zogwirira mabuleki, amati ma hood, chifukwa pamenepo ndi pamene buleki ndi magiya zili pafupi. Ndiye mukafuna kudziwa ngati munthu njinga yamukulira musamufunse, yang'anani tepi yokulunga mahandulo ake. Mukapeza yathetheka ndi kuda pamwamba pafupi ndi pakati, pomwe ma hood akadali owala ngati atsopano ndipo kumunsi kopindika kuja sikunagwiridweko, dziwani kuti mwiniwake safikira. Amapalasa manja ali kutali ndi mabuleki, galimoto ikatulukira mwadzidzidzi ayambe kaye wasuntha manja, nthawi imeneyo palibe. Yang'ananinso pansi pa chishalo, mupeza achikankhira kutsogolo mpaka mawaya ake atha, nthawi zina mphuno yake atailozetsa pansi, zonsezo ndi munthu akuyesetsa kuyandikira mahandulo amene ali kutali.

Kukankhira chishalo kutsogolo kuti ufikire mahandulo ndi kukonza vuto limodzi poyambitsa lina. Chishalo chikapita kutsogolo kulemera kwa thupi kumagwera m'manja, ndiye kumayamba dzanzi la kachala kakang'ono ndi chinzake choyandikana nacho, umenewo ndi mtsempha wotchedwa ulnar ukupanikizika m'chikhatho, mapewa amakwera kufika m'makutu, zigongono zimauma osapindika moti bampu iliyonse imakafika m'khosi. Malo a chishalo amasankhidwa poyang'ana miyendo ndi mapedulo, basi. Pali lamulo lakale loti pedulo ikaloza kutsogolo, chingwe cholendewera kuchokera pa bondo chidutse pa ekiselo ya pedulo, ambiri odziwa amati lilibe maziko enieni ndipo ndikugwirizana nawo, komabe ngati poyambira silipweteka munthu. Kuyesa kumene ine ndimakukhulupirira ndi uku, mukupalasa mwamphamvu pang'ono pamalo athyathyathya opanda magalimoto, masulani manja pang'ono pa ma hood ngati mukufuna kuwachotsa, mukaona kuti mukugwera kutsogolo nthawi yomweyo ndiye kuti manja anu akunyamula katundu amene si wawo. Mukatha kukonza chishalo ndi pamene mumabwera ku mahandulo, osati kuyambira kutsogolo.

Mahandulo amasunthidwa ndi kachitsulo kamene kamawalumikiza ku foloko, stem. Zimakhalapo za mamilimita 80, 90, 100, 110, 120 mpaka 130 ndi kupitirira, ndipo pansi pake pamakhala timaringi tokwezera, ma spacer. Apa ndi pamene felemu imadziulula ngati ndi yanu. Ngati mwakhala bwino ndi stem ya pakati pa 90 ndi 120 kwa munthu wa msinkhu wapakati, timaringi tili sentimita imodzi kapena ziwiri, felemu imeneyo ndi yanu olo tchati chikane. Ngati mukufunika stem ya 60 kuti mufikire ndiye kuti yakula, ndipo njinga idzakhala yopupuluma pokhota makamaka pa mtsetse. Ngati mwaunjika timaringi mpaka pamwamba, stem mwaitembenuza kuloza kumwamba koma mukuonabe kuti kwatsika, ndiye kuti felemu yachepa kapena mwagula ya liwiro pomwe thupi lanu limafuna ya maulendo aatali. Ndipo timaringi tili ndi malire, pa foloko ya kaboni makampani ambiri salola kupitirira masentimita atatu kapena anayi chifukwa paipiyo ikhoza kuthyoka, kuthyoka kwa foloko uli pa liwiro sindikufuna nkufotokoza komwe. Kanthu kena kamene ambiri sadziwa, paipi yakutsogolo ija ndi yopendekera kumbuyo pafupifupi madigiri 73, ndiye sentimita iliyonse imene mwakweza mahandulo amabwereranso kwa inu mamilimita atatu.

Ndiye funso limene aliyense amafunsa, ndili pakati pa masaizi awiri nditenge iti. Yankho limene limayenda kwambiri ndi loti tenga yaing'ono chifukwa yaing'ono umatha kuikulitsa ndi stem yaitali pomwe yaikulu sungaichepetse. Muli choonadi ndithu, koma si kwa aliyense. Wachinyamata wofewa msana amene akufuna mpikisano atenge yaing'ono inde. Koma munthu wa miyendo yaitali, kapena wamkulu amene msana unayamba kale kudandaula, kapena amene kamimba kanatsogola, akatenga yaing'ono apeza mahandulo ali pansi kwambiri ndipo timaringi tidzatha asanafike pomwe akufuna. Ameneyo bola yaikuluyo ndi stem yofupikirapo sentimita imodzi, kapena asiye kaye mtundu umenewo ayang'ane wa stack yokwera. Ndimadabwa kuti anthu amachita manyazi kugula njinga ya maulendo aatali ngati kuti ndi ya nkhalamba, pomwe munthu amene wakhala bwino amatha kugwira kumunsi kwa mahandulo kwa nthawi yaitali, ndipo ameneyo amathamanga kuposa mnzake wa njinga yotsika amene akupalasa atadzuka manja ali pamwamba chifukwa khosi lakana.

Vuto lalikulu ndi kutengera akatswiri a pa TV. Iwo aja ambiri amapalasa felemu yaing'ono dala, stem ya 130 kapena 140, popanda karingi olo kamodzi, msana uli thyathyathya. Koma anthu amenewa ntchito yawo ndi imeneyo, amapalasa makilomita masauzande ambirimbiri pa chaka, ali ndi owasisita minofu tsiku ndi tsiku, ndipo chifukwa amaponda mapedulo mwamphamvu kwambiri miyendo imanyamula gawo la kulemera kumene kwa ife kumagwera m'manja. Komanso ali ndi malamulo a bungwe la UCI loyang'anira mipikisano ya njinga padziko lonse amene ife satikhudza, monga loti mphuno ya chishalo ikhale masentimita osachepera 5 kumbuyo kwa bottom bracket, ndi loti njinga isapepuke kuposa makilogalamu 6.8. Ngati pali chotengera kwa akatswiri ndi chidwi chawo pa timiyeso ting'onoting'ono. Eddy Merckx wa ku Belgium, amene anawina Tour de France kasanu, atachita ngozi pa bwalo la njinga ku Blois mu 1969 chiuno chake chinapotoka ndipo kuyambira pamenepo amadziwika ndi kusinthasintha chishalo nthawi ndi nthawi, ngakhale mkati mwa mpikisano, kufunafuna pamene msana ungamupatse mtendere. Munthu wamphamvu ngati ameneyo amamva kusiyana kwa mamilimita ochepa, nanga ife tingapirire bwanji masentimita atatu.

Pali zigawo zina zimene zimabwera limodzi ndi saizi ya felemu zimene anthu saziganizira. Mikono ya mapedulo, ma crank, imakhala ya mamilimita 165, 170, 172.5 kapena 175, ndipo felemu ikakula amaikanso yaitali. Crank yaitali imakweza bondo kwambiri pedulo ikafika pamwamba, ntchafu nkumagunda mimba, chiuno nkumapanikizika. Kwa zaka zambiri anthu amakhulupirira kuti yaitali ndiye ya mphamvu, koma Tadej Pogačar anawina Giro d'Italia ndi Tour de France mu 2024 ali ndi ya 165, ndipo iyeyo si wamfupi. Chimodzimodzi kutambasuka kwa mahandulo, amayambira masentimita 36 mpaka 44, poyambira pabwino ndi kutambasuka kwa mapewa anu, ndipo mahandulo otambasuka kwambiri amakutalikitsaninso ndi ma hood chifukwa mikono yapita m'mbali. Chishalo nachonso chili ndi saizi, chimatengera kutalikirana kwa mafupa awiri okhalira aja, osati kunenepa kwa munthu, ndipo dzanzi la kumalo obisika si chinthu choti uzolowere ayi, ndi chizindikiro choti china chake chalakwika, kaya chishalo chenichenicho, kaya kupendekera kwake, kaya mukugwada mopyola.

Anthu aafupi, ndipo ambiri mwa iwo ndi amayi, ndi amene amavutika kwambiri pa nkhani imeneyi. Mawilo a njinga za mpikisano pafupifupi onse ndi saizi imodzi yotchedwa 700c, kaya felemu ndi 47 kaya 61. Kuti wilo lalikulu chonchi likwane pa felemu yaing'ono opanga amasintha ma angulo a mapaipi, ndipo zotsatira zake nthawi zina felemu imachepa dzina lokha, reach osachepa kwenikweni, ndiye apa ndi pamene kuwerenga nambala kumapulumutsa. Palinso vuto la nsonga ya nsapato kugunda tayala lakutsogolo ukamakhota pang'onopang'ono, pa liwiro silichitika chifukwa mahandulo sakhota kwambiri, koma potembenuka pamalo opanikiza limagwetsa. Makampani ena monga Canyon anayamba kuika mawilo ang'onoang'ono a 650b pa masaizi ang'ono kwambiri a njinga zina pofuna kuthana ndi zimenezi. Wa zala zazifupi adziwenso kuti zogwirira mabuleki za masiku ano za makampani a Shimano ndi SRAM zili ndi kasikuluwu kozibweretsera pafupi ndi mahandulo, ntchito ya mphindi ziwiri, koma anthu amatha zaka akukoka buleki ndi nsonga za zala.

Ogula njinga yakale kwa mnzawo asamale kawiri. Mtengo wabwino umachititsa munthu kudzinamiza kuti 58 ndi 54 nzofanana, ndidzangotsitsa chishalo. Sizifanana. Onani ngati mwini wakaleyo anadula paipi ya foloko, chifukwa ngati anaidula kufika pansi mahandulo simungawakwezenso pokhapokha mugule foloko ina. Onani ngati stem ndi mahandulo ndi chinthu chimodzi chowumbidwa pamodzi monga zilili njinga zambiri zodula za masiku ano, mawaya onse atadutsa mkati, chifukwa pamenepo kusintha sentimita imodzi kukutanthauza kugula chigawo chonsecho ndi kumasula mapaipi a mabuleki. Ndipo pa paipi ya chishalo pali mzere wosonyeza malire okwezera, ukaoneka kunja ndiye kuti felemu yakuchepera ndipo ikhoza kung'aluka pamenepo. Makolo ogulira mwana felemu yaikulu kuti adzakuliramo nawonso aganize kawiri, mwana amene safikira mabuleki bwino sadzadikira kuti akule, adzagwa kaye kapena adzaisiya.

Mukagula ndiye musasinthe zonse tsiku limodzi. Kuona maso a nkhono nkudekha, sinthani chinthu chimodzi, mamilimita awiri kapena atatu, mupalase maulendo angapo, kenako muone. Lembani miyeso yanu penapake, kutalika kwa chishalo, mtunda wochoka pa mphuno ya chishalo kufika pa mahandulo, ndi kutsika kwa mahandulo poyerekeza ndi chishalo, ndipo mumate katepi pa paipi ya chishalo kuti makaniko akaimasula mudzadziwe pobwezera. Kuzungulira kamodzi pabwalo la shopu sikukuuzani zambiri, njinga iliyonse imakoma mphindi zisanu zoyamba, mavuto a saizi amatulukira ola loyamba likatha thupi litatopa. Komanso thupi limasintha, amene wayamba kumene amafuna mahandulo okwera, pakatha chaka atha kuchotsa karingi kamodzi, nchifukwa chake simudula foloko sabata yoyamba. Ululu wa minofu yotopa ndi wabwinobwino, koma ululu wobaya pa bondo limodzi, kapena dzanzi limene silikutha mutatsika pa njinga, zimenezo musazipirire, ndipo zikapitirira mutakonza njinga kaonaneni ndi achipatala.

Kumene kuli akatswiri oyeza munthu pa njinga, aja amakukhazika pa njinga yoima nkumakujambula ndi kamera uku ukupalasa, ndi bwino kupitako musanagule osati mutagula kale. Anthu amachita chotembenuza, agula felemu yolakwika kenako akupita kwa katswiri kuti achite zozizwitsa, iye angokuuzani zoona kuti apa tingoyesetsa. Mukapita musanagule mumatulukako ndi stack ndi reach zanu pa pepala ndipo mumasankha njinga imene ikugwirizana ndi nambalazo, mtundu wa penti nkubwera pambuyo. Kumene kulibe akatswiri otere foni yokha imathandiza, mnzanu akujambuleni vidiyo cha m'mbali kamera ili pa levulo ya chiuno, muimitse pomwe pedulo ili pansi muone bondo, muonenso zigongono ngati zapindikako ndi mapewa ngati ali omasuka.

Pempho langa kwa inu akonzi ndi loti tsiku limene mudzalembe za njinga zimenezi pa tsamba la zamasewera musadzangosindikiza tchati cha msinkhu chokha. Mudzaikepo chithunzi cha felemu chosonyeza pamene stack ndi reach zimayezedwa, ndi china cha munthu akuyeza mwendo ndi buku kukhoma, ndipo mudzafunse ogulitsa njinga ngati amalola kusinthitsa stem kapena mahandulo kasitomala akapeza kuti sizikumukwana, chifukwa ena amalola ena amakana, ndipo wogula ayenera kudziwa zimenezo asanapereke ndalama.

Ine wanu,
Wowerenga wokonda kupalasa